Mpikisano wa m'matope umene Angerezi anauyambitsa, kenako n'kuwapulumuka m'manja

Loweruka pa 29 Malichi 1924, amuna oposa 80 anasonkhana ndi njinga zawo zamoto patchire lamchenga kunja kwa tauni ya Camberley, m'chigawo cha Surrey ku England. Malowo ankaphunzirirapo asilikali, ndipo panali zitunda, maenje ndi mchenga wotitimira. Lamulo lake linali losavuta: amene azungulire kawiri mtunda wa mamailosi 25 m'nthawi yochepa kuposa anzake, ngwazi ndi yemweyo. Anazungulira koyamba m'mawa, n'kukadya nkhomaliro, n'kubwereranso masana. Pafupifupi theka la iwo sanamalize. Amene anapambana anali Arthur Sparks, yemwe anatha mamailosi 50 amenewo m'maola awiri ndi timphindi towerengeka. Ukawerengera bwino, ndiye kuti ankathamanga makilomita 40 pa ola, liwiro limene lero wakabaza amalidutsa osadziwa n'komwe. Komatu ameneyo ndiye mpikisano umene olemba mbiri ambiri amauwerenga kukhala chiyambi cha motocross, masewera othamangitsa njinga zamoto m'matope ndi m'zitunda.

Sungani m'mutu mtundu wa njinga ya Sparks, tidzaufunanso kutsogoloku. Inali Scott, ya injini ya two-stroke.

Chimene chinawasonkhanitsa ku Camberley sikunali kufuna kuyambitsa masewera atsopano ayi. Unali mkangano wa kumpoto ndi kumwera, kuphatikiza kutopa ndi malamulo. Kalelo njinga yamoto inali chinthu chosadalirika, ndiye makampani ankafuna kuonetsa ogula kuti yawo ingakwere phiri n'kuwoloka mtsinje osazima. Apa m'pamene panachokera mipikisano yotchedwa trial. Wa ku Scotland, womwe unadzakhala wa masiku 6, unayamba mu 1909, ndipo wa mayiko osiyanasiyana unachitika koyamba ku Carlisle mu 1913. Mu trial liwiro si nkhani kwenikweni. Pamalo ovuta pamaima anthu ndi mapepala m'manja, kuyang'anitsitsa mapazi ako. Ukaponda pansi kuti usagwe, akulembera chilango, ukaima akulemberanso china chokulirapo. Wopambana ndi amene wadutsa miyala ndi matope mwaulemu, ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza.

Ku Yorkshire, kumpoto kwa England, kunali Alfred Angas Scott, mwini kampani yopanga njinga za Scott. Mu 1914 iye anakonzera antchito ake trial yankhanza yodutsa m'mapiri ndi m'madambo a kumeneko, momwe ankawerengera zonse ziwiri, mapazi ndi nthawi yomwe. Scott Trial inatchuka kuti ndi ya amuna enieni, ndipo akumpotowo sankabisa kunyada kwawo. Ndiye a kalabu ya ku Camberley anati nafenso tikhale ndi yathu. Koma iwo anachotsa olemba mapazi aja, n'kusiya wotchi yokha. Vuto linali lakuti pa malamulo a bungwe loyendetsa masewera a njinga zamoto ku Britain, la Auto-Cycle Union, chinthu chopanda oyang'anira mapazi sichingatchedwe trial. Panafunika dzina lina. Nkhani imene imasimbidwa mpaka lero imati pamsonkhano wa kalabuyo munthu wina ananena kuti kaya tiutcha chiyani, udzangokhala mpikisano wolimbirana ndi kukwawa basi, ndipo mawu a Chingerezi amene anagwiritsa ntchito, akuti scramble, anakakamira. Mpikisanowo unatchedwa Southern Scott Scramble. Kwa zaka zoposa 40 Angerezi sankanena kuti motocross, ankati scramble.

Dzina la motocross linabwera masewerawa atawoloka nyanja. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Afalansa ndi anthu a ku Belgium anatenga mawu awo akuti moto, chidule cha njinga yamoto m'Chifalansa, n'kuwalumikiza ndi cross yochokera ku mpikisano wodutsa m'tchire. Kwa ife olankhula Chichewa dzinali limamveka ngati anatifunsa, poti moto ulimo kale, koma zinangochitika mwangozi. Chachikulu chimene a kutsidyako anasintha si dzina. Anafupikitsa bwalo kuti likhale makilomita ochepa ozungulira kambirimbiri, onse n'kunyamukira limodzi pamzere umodzi. Munthu woonerera ankatha kuima paphiri n'kuona pafupifupi chilichonse, ndipo wokonza mpikisano ankatha kutchinga mpanda n'kulipiritsa pakhomo.

Njinga zolemera ngati ng'ombe

Tikamati njinga za scramble za m'ma 1920 ndi 1930, musaganize za zija zazitali miyendo zimene zimauluka pa wailesi yakanema lero. Zinali njinga za mumsewu zomwezo. Munthu ankabwera ataikwera, n'kumasula nyali ndi zina zosweka msanga, n'kupikisana, ndipo ikapulumuka ankabwezeretsa nyaliyo n'kubwerera kunyumba. Kumbuyo kunalibe sipuling'i iliyonse. Tayala linkamangidwa kufelemu mwachindunji ngati la njinga yakapalasa, moti bampu iliyonse inkathera mumsana mwa wokwera. Aliyense amene anakwerapo kapalasa wa katundu pamsewu wafumbi wokumbika ndi mvula akudziwa kanthu pang'ono za ululu wake, kungoti awa ankachita zimenezi pa chitsulo cholemera makilogalamu 150, mwinanso kuposa. M'ma 1930 makampani a BSA, Norton, Matchless, AJS ndi Rudge anali atayamba kale kutumiza okwera awo, chifukwa chikho cha Lamlungu chinkagulitsa njinga Lolemba.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inaimitsa zonse, koma itatha inasiyira masewerawa zinthu ziwiri. Inasiya anyamata ambirimbiri amene anaphunzira kuyendetsa njinga m'matope ponyamula mauthenga a asilikali, ndiponso inasiya njinga zankhondo zotsala zimene zinkagulitsidwa motchipa. Yokondedwa kwambiri inali Matchless G3L, chifukwa kuyambira mu 1941 inali ndi mafoloko akutsogolo olowana ngati mapaipi awiri, okhala ndi oyilo mkati, ofanana ndi amene timawaona pa njinga zambiri lero. Kumbuyo nako kunayamba kusintha. Rex McCandless wa ku Belfast anali mmodzi mwa amisiri amene ankadula mafelemu ouma aja n'kuikamo mkono wogwira tayala umene umakwera ndi kutsika, wothandizidwa ndi ma shock absorber awiri, zida zofewetsa mabampu. Pofika kumayambiriro kwa m'ma 1950 okwera scramble anali atazolowera kale kamangidwe kameneka, pamene njinga zambiri zogulitsa m'masitolo zinali zisanafikepo.

Mu 1947, pa malo otchedwa Duinrell ku Wassenaar m'dziko la Netherlands, panachitika mpikisano woyamba wa matimu a mayiko, Motocross des Nations. Mayiko anali atatu okha: Netherlands, Belgium ndi Britain. Britain inapambana, ndipo mwa okwera ake munali Bill Nicholson ndi Fred Rist. Kuchokera chaka chimenecho kufika mu 1967, mpikisanowu unachitika ka 21, ndipo Britain inatenga chikho ka 15. Sweden inatenga kanayi, Belgium kawiri. Munthu woona manambala amenewa angaganize kuti Angerezi analibe wowagwedeza.

Koma pa mpikisano wa munthu payekha nkhani inali ina. Bungwe la FIM, loyendetsa masewera a njinga zamoto padziko lonse, linakhazikitsa ukatswiri wa ku Ulaya wa njinga za 500cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini) mu 1952. Woyamba kuutenga anali Victor Leloup wa ku Belgium, ndipo mnzake wa dziko lomwelo Auguste Mingels anautenga zaka ziwiri zotsatira. Angerezi John Draper wa BSA ndi Les Archer wa Norton anapambana mu 1955 ndi 1956. Mu 1957 mpikisanowu unakwezedwa kukhala wa dziko lonse, ndipo ngwazi yoyamba sinali Mngerezi. Anali Bill Nilsson wa ku Sweden, munthu wamfupi koma waukali pabwalo, amene ankamutcha Buffalo Bill. Njinga yake inali AJS 7R, yopangidwira mipikisano ya pa tala, imene anaikulitsa injini n'kuisandutsa ya m'matope, pathanki n'kulembapo Crescent, dzina la kampani ya kwawo. René Baeten wa ku Belgium anapambana mu 1958 pa njinga ya FN, ndipo patangopita zaka ziwiri anafera pampikisano ku Stekene. Kenako kwa zaka zisanu zotsatizana chikho sichinachoke ku Sweden: Sten Lundin kawiri, Nilsson kamodzinso, Rolf Tibblin kawiri.

Pali kanthu kamene kamandichititsa chidwi ndikamawerenga mayina a makampani a nthawi imeneyo. BSA ndi chidule cha Birmingham Small Arms, kampani yopanga mfuti. FN ya ku Herstal ku Belgium ndi yopanga mfuti mpaka lero. Husqvarna ya ku Sweden inayamba mu 1689 ikusula mfuti za mfumu, ndipo chizindikiro chake chija ndi kamzinga ka mfuti ukakayang'ana kutsogolo. CZ ya ku Strakonice, m'dziko limene linali Czechoslovakia, nayonso inachokera ku zida zankhondo. Odziwa kuboola chitsulo mosaphonya ndiwo anadziwanso kupanga silinda.

Kanjinga ka anyamata

Njinga zonse zimene zinkatenga chikho cha 500cc m'zaka zimenezo zinali za four-stroke, ndipo apa ndiyenera kuima pang'ono, chifukwa mbiri yonse yotsalayi ikuzungulira pa kusiyana kwa injini ziwirizi.

Mu four-stroke, pisitoni imayenda maulendo anayi kuti moto uphulike kamodzi. Imatsika kukoka petulo ndi mpweya, imakwera kuzipanikiza, pulagi ikayatsa imakankhidwira pansi, ndipo imakweranso kutulutsa utsi. Kuti zimenezi zitheke pamafunika mavalavu, masipuling'i ake, zitsulo zowatsegula panthawi yake ndi pampu ya oyilo. Zonsezo ndi kulemera, ndipo zambiri zimakhala pamwamba pa injini, pamalo oipitsitsa kwa munthu wofuna kukhota msanga. Two-stroke ilibe zambiri mwa zimenezi. Moto umaphulika nthawi iliyonse pisitoni ikafika pamwamba, ndipo pisitoni yomweyo ndi imene imatsegula ndi kutseka timabowo ta m'khoma la silinda. Oyilo amangomusakaniza ndi petulo, n'chifukwa chake imafuka utsi wabuluu n'kumalira mokwiya ngati mavu. Ndi yopepuka, yosavuta kupanga, yotchipa. Chilema chake chinali chakuti petulo wina wosapsa ankathawira mu ekizozi limodzi ndi utsi, mphamvu n'kutayika. Ndiye kwa Angerezi a m'ma 1950, two-stroke inali injini ya kanjinga kopitira kuntchito, osati ya ngwazi. Anali ataiwala kuti mpikisano wawo woyamba uja anaupambana ndi two-stroke.

Amene anayamba kuwakumbutsa anali anzawo omwe, a kakampani ka ku Thundersley m'chigawo cha Essex. Bert Greeves ankapanga timagalimoto ta matayala atatu ta anthu olumala, totchedwa Invacar, mogwirizana ndi msuweni wake Derry Preston Cobb yemwe naye anali wolumala. Njinga zamoto anaziyamba ngati ntchito yapambali. Wokwera wake Brian Stonebridge, munthu wamtali wochenjera pa zokonza injini, ankatenga Greeves yosakwana n'komwe 200cc n'kukalowa nayo pakati pa zimphona za 500cc, n'kumazidutsa pamakona ndi pamabampu, makamaka pa bwalo la zitunda la Hawkstone Park. Powongoka ankamusiya, koma motocross ilibe powongoka pambiri. Stonebridge anafa pangozi ya galimoto mu Okutobala 1959, pagalimoto limene ankayendetsa Greeves mwiniwake. Amene analowa m'malo mwake, Dave Bickers, anatenga ukatswiri wa ku Ulaya wa 250cc mu 1960 ndi 1961.

Ku Sweden nako lamulo la boma linathandiza mosayembekezeka. Mnyamata wa zaka 16 ankaloledwa kuyendetsa njinga yamoto ngati siinapose makilogalamu 75. Husqvarna inapangira msika umenewu kanjinga ka 175cc kotchedwa Silverpilen mu 1955, ndipo anyamata sanachedwe kuona kuti kopepuka chonchi kangathe kuuluka m'nkhalango. Kuchokera pa kameneka ndi pamene panamera Husqvarna ya mpikisano ya 250cc. FIM itakweza gulu la 250cc kukhala la dziko lonse mu 1962, Torsten Hallman anatenga chikho pa njinga imeneyi, n'kubwerezanso mu 1963, 1966 ndi 1967. Nthawi yomweyo chilema chija cha petulo wothawa chinali chitapezerwa mankhwala. Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany anakonza ekizozi yotupa pamimba ndi yowonda kumapeto, imene imabweza mphepo ya kuphulika kuti ikankhire petulo wothawayo m'silinda bowo lisanatsekeke. Mimba imene mumaiona pa ekizozi ya njinga ya two-stroke ntchito yake ndi imeneyo.

Ku Britain anthu ena ankaliona vuto la kulemera. Abale awiri, Don ndi Derek Rickman a ku New Milton, anatopa ndi njinga za makampani, ndipo mu 1959 anaika injini ya Triumph mu felemu ya BSA n'kuitcha Métisse, mawu a Chifalansa otanthauza chosakanizika mtundu. Kenako anayamba kupanga mafelemu awoawo opepuka, onyezimira, ndipo ankagulitsa kwa aliyense wokhala ndi injini. Makampani akuluakulu sanawakumbatire monga zikanayenera. M'nyumba za Angerezi zonse zinkaoneka kuti zili bwino, chifukwa m'ma 1960 scramble inkaonetsedwa pa wailesi yakanema Loweruka masana m'nyengo yozizira, Murray Walker akuulutsa, ndipo mayina a Bickers, a Rickman ndi Jeff Smith ankadziwika ngati a osewera mpira.

Jeff Smith ndiye anali womaliza kuteteza four-stroke, ndipo anachita zimenezi pogwiritsa ntchito nzeru ya adani ake. M'malo mwa BSA Gold Star yolemera ija, anatenga injini yaing'ono ya kampani yomweyo n'kumaikulitsa pang'onopang'ono mpaka 441cc, akudula kulemera kulikonse kumene akanatha. Anatenga chikho cha dziko lonse mu 1964 ndi 1965. Mu 1966 BSA inayesa kupanga felemu ya titanium, chitsulo chopepuka koma chodula ndi chovuta kuwotcherera. Inkang'aluka, ndipo ikang'aluka kubwalo kunalibe woti n'kuilumikiza. Chaka chimenecho chikho chinapita kwa Paul Friedrichs wa ku East Germany, pa CZ ya two-stroke ya 360cc, ndipo anachisunga zaka zitatu zotsatizana. Four-stroke sinadzatengenso chikho cha 500cc mpaka mu 1993, pamene Jacky Martens wa ku Belgium anapambana pa Husqvarna.

Taganizirani mmene zinalili: nthawi ya nkhondo yamawu pakati pa Azungu a kumadzulo ndi mayiko achikomyunizimu, njinga yabwino kwambiri padziko inkachokera kuseri kwa mpanda, kumbali ya achikomyunizimuwo. Mu 1965 Victor Arbekov wa ku Soviet Union anatenga chikho cha 250cc pa CZ. Mu 1968 Soviet Union inapambana Motocross des Nations, ndipo Britain inadikira mpaka 1994 kuti ichigwirenso chikho chimenecho.

Pa okwera CZ onse, amene anthu amamusimbabe ndi Joël Robert wa ku Belgium. Anakhala ngwazi ya dziko lonse mu 1964 ali ndi zaka 20 zokha. Hallman anali wophunzira za uinjiniya, wolimbitsa thupi mwadongosolo, wolemba zonse m'buku. Robert ankadziwika ndi ndudu ndi mowa, ndipo ankapambanabe, m'mipikisano imene munthu amalimbana ndi njinga kwa mphindi pafupifupi 40, kawiri patsiku. Sindikuyamikira nduduzo, ndikungonena kuti mphatso ina imakwiyitsa amene amavutikira. Robert anatenga zikho 6 ndi mipikisano ya Grand Prix (mipikisano yolimbirana chikho cha dziko lonse) yokwana 50, nambala imene inakhala zaka pafupifupi 30 osaposedwa mpaka Stefan Everts, wa ku Belgium komweko, ataidutsa.

America ndi Japan

Kufika pakati pa m'ma 1960, anthu a ku America ankapikisana m'zipululu ndi pamabwalo osalala, ambiri pa njinga zolemera za Triumph. Wamalonda wina wa ku California, Edison Dye, anayamba kuitanitsa njinga za Husqvarna, ndipo anadziwa kuti pakamwa pokha sizingagulike. Mu 1966 anabweretsa Hallman, yemwe anapambana mipikisano yonse imene analowa, kuphatikizapo wa ku Hopetown ku Simi Valley. Chaka chotsatira Dye anabweretsa gulu lonse la akatswiri a ku Ulaya, mwa iwo Robert ndi mnyamata wina wa ku Belgium dzina lake Roger De Coster. Eni dziko ankasiyidwa kutali kochititsa manyazi, koma anaphunzira msanga. Mu 1972 anaunjika dothi m'bwalo la Los Angeles Coliseum n'kuchititsa mpikisano usiku magetsi akuwala, ndipo anapambana ndi Marty Tripes wa zaka 16. Umenewo ndiwo muzu wa supercross, motocross ya m'masitediyamu. Mu 1981 timu ya America inapambana Motocross des Nations koyamba, ndipo sinagonje kwa zaka 13.

A ku Japan anachita zimene BSA inalephera. Suzuki inayamba ndi njinga zosathandiza, koma inalemba ntchito Olle Pettersson wa ku Sweden n'kumamvera chilichonse chimene wanena. Mu 1970 inatenga Robert, ndipo chaka chomwecho inakhala kampani yoyamba ya ku Japan kupambana chikho cha motocross cha dziko lonse. De Coster anawonjezera cha 500cc mu 1971, choyamba mwa zisanu zake. Njinga zawo zinapepuka kwambiri moti FIM inachita kuika lamulo la kulemera kochepetsetsa kololedwa, kuti makampani ang'onoang'ono asathere panjira. Yamaha nayo inagula nzeru ya mmisiri wa ku Belgium, Lucien Tilkens, ya shock absorber imodzi yaitali m'malo mwa ziwiri zazifupi, ndipo Håkan Andersson anapambana nayo chikho cha 250cc mu 1973.

BSA inatseka nthambi yake ya mipikisano mu 1971, ndipo pasanathe zaka zitatu kampani yeniyeniyo inali itagwa. Jeff Smith anawoloka nyanja kukagwira ntchito ndi Bombardier ya ku Canada, imene inkayamba kupanga njinga zotchedwa Can-Am. Mu 1974 okwera Can-Am, Gary Jones, Marty Tripes ndi Jimmy Ellis, anatenga malo atatu onse oyamba pa ukatswiri wa 250cc wa ku America. Injini zake zinali za Rotax ya ku Austria, zonse za two-stroke.